Mtolo wa Ndodo ndi Nkhwangwa: Kumene Chifasisti Chidachokera

Mau akuti "chifasisti" timawamva kawirikawiri m'phunziro la Mbiri, ndipo ambiri a ife timangowaloweza pamodzi ndi maina awiri, Mussolini ndi Hitler, kuti tikawalembe pa mayeso. M'nkhani ino ndifuna kuti tione kumene chinthuchi chidachokera m'maiko osiyanasiyana, pakuti sichidagwe kumwamba ngati matalala, ndiponso sichidathere ku Ulaya kokha. Chidafika mu Africa muno, ndipo anthu a mtundu wathu adakafa polimbana nacho.

Tiyambe ndi dzina. Kalekale ku Rome, woweruza wamkulu akamayenda mumseu, patsogolo pake pankapita anyamata atasenza mtolo wa ndodo womangidwa ndi zingwe, ndipo pakati pa ndodozo pankaoneka nkhwangwa. Mtolowo ankautcha fasces. M'chinenero cha Ataliyana mau akuti fascio atanthauza mtolo, kapenanso gulu la anthu ogwirizana. Tanthauzo lake si lachilendo kwa ife. Yense amene adatolapo nkhuni adziwa kuti kamtengo kamodzi ungakathyole pa bondo, koma mtolo sungauthe. Ndipo makolo athu adati mutu umodzi susenza denga. Koma taonani kusiyana kwake. Mtolo wa ku Rome udali ndi nkhwangwa, kusonyeza kuti mwini wake ali ndi mphamvu ya kukwapula ndi ya kudula mutu. Afasisti adatenga zonse ziwiri, mtolo ndi nkhwangwa yomwe. Chiphunzitso chao chidali chakuti mtundu wonse umangidwe pansi pa mtsogoleri mmodzi ndi chipani chimodzi, kuti munthu payekha sali kanthu koma boma ndilo zonse, kuti nkhondo ilimbitsa mtundu, ndi kuti wotsutsa ali yense ndi mdani woyenera ndodo.

Chidayambira ku Italy. Benito Mussolini adabadwa mu 1883. Bambo wake adali wosula zitsulo, mai wake mphunzitsi, ndipo iyenso adaphunzitsako sukulu asanakhale mkonzi wa nyuzipepala. Chodabwitsa nchakuti poyamba adali wa chipani cha Sosholisti, chimene chinkamenyera anthu a ntchito, ndipo adamchotsamo mu 1914 chifukwa ankafuna kuti dziko lake lilowe Nkhondo Yaikulu Yoyamba pamene anzake ankakana. Italy adalowadi mu 1915 ku mbali ya Angerezi ndi Afalansa, nataya asilikali oposa 600,000. Nkhondo itatha, maiko amene adamlonjeza sadampatse onse, ndipo Ataliyana adadziona ngati munthu amene wasaka nao tsiku lonse, koma pogawana nyama alandira ziboda. Asilikali adabwerera kwao napeza ntchito kulibe, mitengo ya zinthu itakwera, ndipo palibe amene ankawathokoza.

Anthu otere ndi amene Mussolini adawasonkhanitsa mumzinda wa Milan pa 23 Marichi 1919, nayambitsa Fasci di Combattimento, ndiko kuti magulu a nkhondo. Musaganize kuti anthu adamthamangira. Pa chisankho cha mu Novembala chaka chomwecho sadapeze mpando ndi umodzi womwe, ndipo ku Milan mavoti ake sadakwane 5,000. Chidamdzutsa ndi mantha a anthu olemera. M'zaka za 1919 ndi 1920 anthu a ntchito adanyanyala, ena nalanda mafakitale, ndipo aganyu a m'minda ikuluikulu adayamba kudzitengera malo. Eni minda ndi eni mafakitale adakumbuka zimene Akomyunisiti adachita ku Russia mu 1917, ndipo tulo tidawathawa. Tsono adapatsa anyamata a Mussolini ndalama, malole ndi mfuti. Anyamatawo, atavala malaya akuda, ankafika m'midzi usiku pa lole, natentha nyumba za mabungwe a anthu a ntchito, namenya atsogoleri ao. Adali ndi chizolowezi china chonyansa: ankagwira munthu nammwetsa mafuta a nsatsi ambiri, nsatsi zomwezi zimera pa dzala kwathu, kuti atsegule m'mimba pamaso pa anthu, achite manyazi, asadzalankhulenso pa msonkhano. Apolisi ankaona, koma ankayang'ana kumbali.

Mu Okutobala 1922 a malaya akuda adanyamuka ulendo wa ku Rome kukaopseza boma. Adali osaposa 30,000, ambiri opanda zida zenizeni, mvula ikuwanyowetsa m'njira, ndipo asilikali a boma akadatha kuwabalalitsa. Nduna Yaikulu, Luigi Facta, idapempha Mfumu Victor Emmanuel III kuti isaine lamulo lotulutsa asilikali. Mfumu idakana, ndipo m'malo mwake idaitana Mussolini kuti adzapange boma. Iye sadaguve nao konse. Adafika pa sitima ya pamtunda kuchokera ku Milan pa 30 Okutobala. Nthawi imeneyo chipani chake chidali ndi mipando 35 yokha mwa mipando 535 ya m'Nyumba ya Malamulo.

Apa ndi pamene ndifuna kuti anzanga muonetsetse, chifukwa tidzazionanso ku Germany. Afasisti sadathyole chitseko. Chidatsegulidwa ndi a m'nyumba momwemo. Mfumu, akuluakulu a asilikali ndi eni chuma adaganiza kuti adzagwiritsa ntchito anyamata aukaliwo kuthamangitsa adani ao, ndipo pambuyo pake adzawaweta. Adali ngati munthu amene alowetsa fisi m'khola kuti apirikitse agalu. Mu 1924 phungu wina wolimba mtima, Giacomo Matteotti, adaima m'Nyumba ya Malamulo naulula chinyengo cha pa chisankho. Patangopita masiku ochepa adagwidwa naphedwa. Pofika 1926 zipani zina zonse zidali zitaletsedwa, ndipo ana a sukulu ankalowa gulu la Balilla kukaphunzira kuguba ndi kutamanda Il Duce, ndiye kuti mtsogoleri.

Ku Germany mbeu idali yomweyo koma nthaka ina. Ajeremani adagonja mu 1918, ndipo pangano la Versailles la mu 1919 lidawadula mbali zina za dziko lao, lidawalipiritsa ndalama zambiri, lidawalandanso maiko onse amene ankalamulira mu Africa, pamodzi ndi Tanganyika amene tipakana naye pa mtsinje wa Songwe. Asilikali ambiri sadavomere kuti adagonja pa nkhondo. Ankati adaperekedwa ndi anthu a kwao komwe, makamaka Ayuda ndi Asosholisti. Lidali bodza, koma bodza lokoma m'khutu la munthu wamanyazi. Mu 1923 ndalama yao idatha mphamvu kotero kuti anthu ankainyamula pa wilibala popita kukagula mkate. Mu Novembala chaka chimenecho Adolf Hitler, wobadwira ku Austria, amene adali kopolo pa nkhondo ija, adafuna kutsanzira Mussolini ndi kulanda boma kuyambira ku Munich. Adalephera. Adamlamula zaka zisanu, koma adakhala m'ndende osakwana chaka, ndipo m'menemo ndimo adayamba kulemba buku lake, Mein Kampf.

Zinthu zitayamba kuyenda bwino, anthu adamuiwala. Pa chisankho cha 1928 chipani chake cha Nazi sichidakwanitse mavoti atatu pa 100 ali onse, ndipo chidapeza mipando 12. Kenaka mu 1929 malonda adagwa ku America, nagwetsa a dziko lonse lapansi, ngakhale mtengo wa fodya wa alimi a kuno ku Lilongwe. Pofika 1932 Ajeremani 6 miliyoni adali pa ulova, ndipo mu Julaye chaka chimenecho Anazi adapeza mipando 230. Komabe sadafike pa theka, ndipo mu Novembala idatsika kufika pa 196. Ndi pamene ankatsika pomwepo pamene akuluakulu, motsogozedwa ndi Franz von Papen, adanyengerera Pulezidenti Hindenburg, nkhalamba ya zaka 85, kuti apatse Hitler udindo wa Chansala pa 30 Januwale 1933. Nawonso ankati adzamuweta. Pofika Julaye chaka chomwecho m'Germany mudatsala chipani chimodzi.

Chimene Anazi adaonjezera pa chiphunzitso cha Mussolini ndi nkhani ya magazi. Ankati mitundu ya anthu iri ngati makwerero, iwo pamwamba, Ayuda ndi anthu akuda pansi penipeni, ndipo adapha Ayuda 6 miliyoni pamodzi ndi anthu a mtundu wa Roma, olumala ndi ena ambiri. Ife a mu Africa tiyenera kudziwa kuti maganizo otere sadayambe ndi Hitler. Pakati pa 1904 ndi 1908 asilikali a Germany adapulula Aherero ndi Anama m'dziko limene lero ndi Namibia, ena powathamangitsira ku chipululu, ena m'misasa ya ukaidi. Boma la Germany lidavomera mu 2021 kuti kudali kufuna kufafaniza mtundu.

Kuti tione ngati nkhani ya chitseko ija iri yoona, tiyang'ane kumene sichidatsegulidwe. Ku Britain nakonso kudali ulova, ndipo Sir Oswald Mosley adayambitsa British Union of Fascists mu 1932, ndi malaya akuda omwe. Koma zipani zazikulu zidakana kugwirizana naye, Nyumba ya Malamulo idaletsa zipani kuvala yunifomu mu 1936, gulu lake silidapambane mpando pa chisankho cha aphungu, ndipo mu 1940 adatsekeredwa. Ku Spain gulu la Falange, loyamba mu 1933, lidali laling'ono mpaka pamene kazembe wa nkhondo, Francisco Franco, adalitenga nalipanga lake. Iye adapambana nkhondo ya pachiweniweni mu 1939 mothandizidwa ndi Hitler ndi Mussolini, nalamulira kufikira imfa yake mu 1975.

Tsopano tibwere kwathu kuno ku Africa. Ataliyana adali ndi chilonda chakale: pa 1 Marichi 1896 Mfumu Menelik II ya Ethiopia idagonjetsa asilikali ao ku Adwa, ndipo dziko lonse lidamva kuti Azungu athawa anthu akuda. Mussolini adalonjeza kutsuka manyazi amenewo. Mu Okutobala 1935 adalowa m'Ethiopia ndi ndege ndi mpweya wa poizoni, ndipo pa 5 Meyi 1936 adatenga Addis Ababa. Mfumu Haile Selassie idapita ku Geneva kukadandaula ku bungwe la League of Nations, koma maiko akuluakulu adangomvera, osachitapo chenicheni. Adaiwala kuti chaona mnzako chapita, mawa chiri pa iwe: sizidathe zaka zinai nkhondo isanabuke ku Ulaya komwe.

Italy adalowa Nkhondo Yaikulu Yachiwiri pa 10 Juni 1940, ndipo ena mwa oyamba kukumana naye adali anyamata a dziko lino, limene nthawiyo linkatchedwa Nyasaland. Asilikali a King's African Rifles, amene agogo athu ankawatcha a Keyala, adamenya nkhondo ku Moyale, m'malire a Kenya ndi Ethiopia, mu Julaye 1940, ndiponso ku Tug Argan m'dziko la Somaliland mu Ogasiti, kumene adani adawachulukira. Chaka chotsatira zinthu zidatembenuka. Addis Ababa adagwa mu Epulo 1941, Haile Selassie adalowanso mumzinda wake pa 5 Meyi, ndipo linga lotsiriza la Ataliyana ku Gondar lidagonja mu Novembala. Amuna a Nyasaland pafupifupi 30,000 adalembedwa pa nkhondo yonseyo, ena nafika mpaka ku Burma. Ndikaganiza za iwo ndimadabwa: adathandiza kumasula dziko la eni, pamene kwao ankakhoma msonkho kwa Bwana Disi, osafunsidwa kanthu za kayendetsedwe ka dziko lao. Si chapafupi kuti munthu woona zotere abwerere ali yemwe uja. Nyasaland African Congress idayamba mu 1944, nkhondo isanathe. Muno mudalinso Ataliyana ochepa, monga Ignaco Conforzi wa minda ya tiyi ndi fodya ku Thyolo. Chuma chao boma la Angerezi lidachigwira m'zaka za nkhondo monga katundu wa adani.

Mussolini ndi Hitler adafa onse mu Epulo 1945, ndipo mabuku ambiri atsekera nkhani pomwepo. Koma kuseri kwa mapiri a Dzalanyama, kumwera kwa boma lathu lino la Lilongwe, kuli Achewa anzathu a ku Macanga ndi Chifunde m'chigawo cha Tete, ndipo iwo adakhala pansi pa boma lofanana nalo zaka zina pafupifupi 30. Ku Portugal chiyambi chake chidali china. Apwitikizi adachotsa mfumu yao mu 1910, koma m'zaka 16 zotsatira adasintha maboma oposa 40, mpaka asilikali adalanda ulamuliro mu Meyi 1926. Posadziwa kusunga ndalama, adaitana mphunzitsi wa za chuma wa pa yunivesite ya Coimbra, António Salazar. Iye adakhala nduna ya za chuma mu 1928, Nduna Yaikulu mu 1932, ndipo mu 1933 adakhazikitsa Estado Novo, ndiko kuti Boma Latsopano. Salazar sankakonda kukuwa pa misonkhano, ndipo Afasisti enieni a ku Portugal, a malaya a buluu, adawaletsa mu 1934. Nchifukwa chake akatswiri a Mbiri amatsutsana ngati nkoyenera kumutcha Mfasisti. Koma zida zao adazitenga: chipani chimodzi, kuletsa kunyanyala ntchito, gulu la achinyamata la Mocidade Portuguesa, ndi apolisi a chinsinsi amene kuyambira 1945 ankatchedwa PIDE.

Kwa mlimi wa ku Mozambique dzina silidali ndi kanthu. Iye ankadziwa chibalo, ntchito yokakamiza yoposa thangata wa kuno. Ankadziwa kulima thonje mokakamizidwa ndi kuligulitsa pa mtengo woikidwa ndi boma. Ankadziwanso palmatória, thabwa la mabowo lomenyera m'manja. Ambiri adathawira m'dziko lino. Nkhondo ya Frelimo idayamba mu 1964, ndipo pa 16 Disembala 1972 asilikali a Apwitikizi adapha anthu mazanamazana ku Wiriyamu, pafupi ndi mzinda wa Tete. Boma limeneli lidagwetsedwa ndi asilikali ake omwe pa 25 Epulo 1974, Salazar atafa kale mu 1970, ndipo Mozambique adalandira ufulu mu Juni 1975.

Ku South Africa, kumene amuna ambiri a kuno ankapita ku migodi kudzera ku Wenela, muzu wake udali mkwiyo wa Mabunu. Adagonja kwa Angerezi pa nkhondo ya 1899 mpaka 1902, ndipo akazi ndi ana ao oposa 26,000 adafera m'misasa. Ambiri adasauka, naopa kuti anthu akuda awalanda ntchito. Mu 1933 Louis Weichardt adayambitsa gulu la malaya otuwa lotsanzira Anazi, ndipo mu 1939 kudabadwa lina lalikulu, Ossewabrandwag, limene anyamata ake ankadula mawaya ndi kuphulitsa njanji pofuna kuti Germany apambane. Mmodzi wa akazembe ake, B. J. Vorster, adatsekeredwa ku Koffiefontein mu 1942. Gululo lidatha, koma anthu ake ambiri adalowa National Party, imene idayamba tsankho la apartheid mu 1948. Vorster yemweyo adakhala Nduna Yaikulu mu 1966, nadzacheza ku Malawi kuno mu 1970, ndipo boma lake ndilo lidakongoza ndalama zoyambira kumanga likulu la Lilongwe.

Latsala funso limene ndidziwa kuti ena mwalifunsa kale mumtima: nanga ulamuliro wa chipani chimodzi wa kuno kwathu? Ndiyankha mosamala, pakuti kuno ku Kabudula akulu ambiri amakumbukira bwino Dr. Kamuzu Banda chifukwa cha ulimi, miseu ndi bata, ndipo pa riferendamu ya 1993 Chigawo cha Pakati chidavotera kwambiri chipani chimodzi. Ine ndiona kuti muzu wake udali wina. Malawi Congress Party sidabadwe m'manyazi a kugonja pa nkhondo, koma m'kulimbana ndi Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Sidaphunzitse kuti mtundu wina upululidwe, sidapite kukalanda dziko la eni, ndipo mwini wake adavomera atagonja pa chisankho cha 1994. Kuutcha chifasisti ndi kusokoneza mau.

Komatu zida zina tizizindikira. Nduna zotsutsa zidachotsedwa mu 1964, zipani zina zidaletsedwa mu 1966, ndipo mu 1971 Pulezidenti adakhala wa muyaya. Ngodya zinai zimene ana ankaloweza zidali umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo; wofunsa mafunso adalibe ngodya yake. Anyamata a malaya ofiira ankaima pa zipata za misika kufunsa khadi la chipani. A Mboni za Yehova, pokana kugula khadilo, adaletsedwa mu 1967, ndipo mu 1972 zikwi zambiri zidathawira ku Sinda Misale m'dziko la Zambia, nyumba zao zitatenthedwa. Gulu la Malawi Young Pioneers, loyamba mu 1963, lidaphunzitsadi achinyamata ulimi ndi ntchito za manja, koma lidalinso ndi mfuti, ndipo linkamvera munthu mmodzi yekha.

Ife anyamata timakonda yunifomu ndi kuguba. Yense amene adaonera mganda adziwa mmene chifuwa chimatukukira mzere ukaponda pamodzi. Pamenepo palibe choipa. Koma a malaya akuda a ku Italy, a malaya ofiirira a ku Germany ndi a malaya otuwa a ku South Africa ambiri adali anyamata otiposa zaka zochepa chabe, osowa ntchito, amene wina adawagulira malaya nawauza mdani. Kuyambira 1994 zipani zathu zakhala nao anyamata ao ovala mitundu yao, ndipo nthawi zina awonekapo ndi zikwanje. Ife a Fomu 4 tikalemba mayeso, ambiri tidzakhala kumudzi opanda chochita, ndipo lole yotere ingadzaime pa msika wa Nsaru kapena pa Kabudula pompano.

Apayoniya adatha motere. Anthu atasankha zipani zambiri pa 14 Juni 1993, gululo lidachedwa kupereka zida. Kuchiyambi kwa Disembala ena a iwo adawombera asilikali a boma ku Mzuzu, ndipo asilikali adayankha ndi nkhondo imene adaitcha Operation Bwezani. M'masiku ochepa adagumula misasa ndi maofesi a gululo, kuyambira mu Lilongwe, ndipo Apayoniya ambiri adathawira ku Mozambique. Gulu la asilikali limene lidachita zimenezi lidaphuka pa batalioni yoyamba ya Keyala, imene idasanduka Malawi Rifles mu 1964, yomwe ija idakumana ndi Ataliyana ku Moyale.